Mpando Umene Anamulanda Yosefe

Kadewere,
Chiradzulu.

Mwana wanga Roda,

Ndikulemba kalatayi masana ano, iwe utapita ku Boma ndi azakhali ako kukagula ndowa ndi bulangete la ku koleji. Ukabwera uipeza pamwamba pa sutikesi yako. Uiwerenge lero lomwe, usati ndikawerengera m'minibasi, chifukwa muli ntchito ya mawa m'mawa. Ndikudziwa kuti udabwa kulandira kalata kuchokera kwa munthu amene ukugona naye nyumba imodzi. Koma pakamwa panga umapadziwa. Ndikayamba kulankhula, mawu amathamanga kusiya nzeru m'mbuyo, iwe n'kuyamba kulira, ine n'kuyamba kukuwa, nkhani n'kuthera m'malere. Ndiye ndasankha pepala kuti undimve mpaka kumapeto.

Ndimakunyadira, Roda, zimenezo usakayike. Chichokereni makolo athu ku Mozambique ndi mitolo pamutu, m'banja mwathu simunatulukepo dokotala. Azamba alipo, asing'anga alipo, zidakwa ndiye osanena, koma wovala chovala choyera cha kuchipatala ukhala iwe woyamba. Ndikanayenera kukhala ndikuvina. Koma ndikulemba pakhonde pano ndikumva mchimwene wako Yosefe akubuula kuchipinda. Mwana wanga woyamba, amene Mulungu anandipatsa ali ndi khungu lachialubino, wagona ndi bala la khansa pakhosi, pansi pa khutu, ndipo bala limenelo silidzapolanso. Ndili ndi chisoni, ndiponso ndili ndi mantha. Mantha anga si akuti ukalephera mayeso ayi, mutu wakowo ndimaudziwa. Ndikuopa kuti ukakhoza bwino, n'kubwerako uli ngati anthu amene anamufikitsa Yosefe pamene alipa.

Mantha amenewa anayamba tsiku lija tinapita ku Boma kukagula sutikesi, mayina a osankhidwa atangotuluka. Yosefe anakakamira kutiperekeza ngakhale anali wofooka. Anakulunga khosi ndi mpango, navala chipewa chake chachikulu, ndipo sutikesiyo anaisenza yekha, kukana kuti wina aigwire. Pasiteji tinakumana ndi atsikana awiri amene unaphunzira nawo. Munakumbatirana, kukuwa, kudumpha. Kenaka mmodzi anamuyang'ana Yosefe n'kufunsa kuti, "Iwe Roda, nanga awa ndi ndani?" Iwe unati, "Aa, ndi a kumudzi kwathu awa, angondithandiza katundu." Unanena motsitsa mawu, koma ukudziwa kuti mchimwene wako maso ndi amene amamuvuta, makutu ndi akuthwa. Ine mutu unatentha, ndikanakuwomba mbama pomwepo pamaso pa makondakitala. Iye anandigwira mkono nati, "Amayi, musiyeni. Ndi mwana, ali ndi anzake." Ndakhala chete kuyambira tsiku limenelo chifukwa cha iye, koma sindingakulole kuti upite ku udokotala ndi matenda amenewo m'mimba. Wakutsina khutu ndi mnansi, mwana wanga, ndiye pirira ndikutsine.

Bala limene likununkha m'nyumba mwathu lero linayamba ngati kanjere ka nandolo. Kanali kokhakhala, kosapweteka, kamangotuluka timagazi akakanda. Iwe unali usanalembe mayeso a sitandade eyiti. Ndinamutengera kuchipatala china, dzina sinditchula, ukuchidziwa. Tinakhala pabenchi dzuwa mpaka kupendeka. Titalowa, adokotala sananyamuke pampando. Anatambasula dzanja, natukula mphepete mwa chipewa cha Yosefe ndi cholembera, ngati munthu amene akuvundukula mphika wa ndiwo zosasa. Anati, "Ndi dzuwa limeneli. Anthu amenewa ndi mmene amakhalira. Muzimupaka jivi." Asanamalize n'komwe anali ataitana wotsatira. Ukudziwa chimene mayi ako, wolongolola mudzi wonse uno, anachita? Ndinapinda maondo n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, adokotala." Mafunso anali thoo m'kamwa. Bwanji sikakupola? Bwanji simunakagwire? Ndinawameza onse, tinatuluka, tinakagula jivi. Tinabwererako kambirimbiri, ndipo ulendo uliwonse ndinkathokoza chimodzimodzi.

Ulemu umenewo sindinaugule kusitolo, ndinauyamwira. Amayi anga anakulira pa esiteti ya mzungu pamene makolo awo ankagwira thangata, ndipo ankatiuza kuti wobwera sakweza mawu, ukayankha akakuthamangitsa upita kuti? Ngakhale Chilhomwe ankatiletsa kulankhula pagulu kuopa kutchedwa Anguru. Esiteti inatha, mzungu anapita, koma maondo athu anazolowera. Ndiye tamvera, Roda. Munthu wa kumudzi akakuuza kuti zikomo adokotala, usaganize kuti wamva kapena wakhutira. Nthawi zambiri akutanthauza kuti ndikukuopani. Umufunsenso. Umufunse kuti chakudetsani nkhawa n'chiyani, ndipo udikire, pakuti yankho lenileni limabwera munthu atafika kale pachitseko. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Agogo akayamba kusakaniza Chilhomwe kapena Chiyao, usawauze kuti alankhule zomveka, monga ndinamvera namwino wina akukalipira gogo wa ku Likoswe kuti kuno si ku Mozambique. Gogo uja anatseka pakamwa, ndipo chimene chinkamupweteka anabwerera nacho kwawo.

Chaka china analengeza kutchalitchi kuti kukubwera azungu odzaona anthu achialubino. Anali ophunzira udokotala ngati iwe, ochokera kunja. Ine ndinasangalala ngati ndalota kumwamba. Ndinachapa malaya a Yosefe, kusita ndi makala, ndikuyimba. Mumtima ndinkati, mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, awa ndiye atichotsera kachilonda aka. Anali ana aulemu, sindiwanamizira. Anamupatsa chipewa chija amavala mpaka lero, magalasi akuda ndi mafuta odzola oteteza ku dzuwa. Koma mafunso awo onse, kudzera mwa womasulira, anali okhudza achiwembu. Kodi mumagona bwanji usiku? Kodi anakuthamangitsanipo ndi zikwanje? Mtsikana wina analira misozi. Anamujambula Yosefe chakumaso, chakumbali, ataima pakati pawo, atakhala pansi, osafunsa ngati akufuna. Chilonda chinali pomwepo pakhosi, chitakula ngati chivindikiro cha botolo. Ine sindinachitchule, poganiza kuti mzungu sauzidwa, amaona yekha. Galimoto yawo itanyamuka ndi pamene ndinazindikira kuti palibe anachigwira. Ndinabwerera kunyumba ndi chipewa, ndipo ndinataya miyezi ina ndikudikira kuti mwina atumiza uthenga.

Waona kupusa kwanga? Ndinkaganiza kuti mankhwala amakhala m'khungu la munthu. Ndi tsankho lomwelo, kungoti ine ndinkadzisankha ndekha. Ku koleji ukakumana ndi aphunzitsi ndi ophunzira a mitundu yonse. Ukaphunzire kwa aliyense amene akudziwa, woyera kapena wakuda, koma usakafupike pamaso pa munthu chifukwa cha khungu lake, ndipo usakatalike pamaso pa wina chifukwa cha khungu lake. Wodwala si chithunzi, Roda. Foni yako izikhala m'thumba.

Tsopano ndikuuze za mpando. Nkhani imeneyi sunaimvepo chifukwa Yosefe anandiletsa, ankati ikusokoneza pa mayeso a folomu folo. Linali dzinja, mvula ikugwa, tikupitanso kuchipatala chomwe chija. Panjira anatipeza bambo wina wa kutchalitchi kwathu amene amayendetsa galimoto ya bungwe lina, zija zoyera zazitali zokhala ndi mlongoti. Anatimvera chisoni, anandiika ine kumbuyo, Yosefe kutsogolo. Yosefe anali atavala jekete la malemu bambo ako, chipewa cha alendo chija ndi magalasi akuda. Titafika pachipata, mlonda amene masiku onse ankatikalipira kuti tidzere kakhomo ka kumbali anathamanga m'matope, natsegula zitseko zonse ziwiri, nachita sawasha. Tisanatsike n'komwe, namwino anali atafika ndi ambulera. Anamufunditsa Yosefe, ine kundisiya pamvula, ankayesa ndine wantchito wake. Anamudutsitsa mzere wonse, amayi a ana kumsana, agogo ogona pansi, mpaka pakhomo pa adokotala. Wina anabwera ndi mpando wawofowofo, naupukuta ndi mkono wa malaya ake. Adokotala omwe aja a cholembera anatuluka, atamanga batani la jekete, dzanja lili kutsogolo, akulonjera m'Chingerezi.

Mwana wanga ndinamulera bwino. Anaimirira, anavula chipewa ndi magalasi monga achitira munthu pamaso pa akuluakulu, nati, "Mwadzuka bwanji, adokotala? Ndabweranso ndi bala lija." Dzanja la adokotala linabwerera lokha m'thumba. Kenaka namwino anaphulika kuseka. "Aa! Kodi ndi mzungudala eti? Mwatipusitsa bwanji abale!" Mlonda anaseka, apamzere anaseka, ngakhale odwala amene ankalephera kudzuka anaseka. Uja anabweretsa mpando anaukoka kumbuyo kwa Yosefe n'kubwerera nawo mu ofesi. Anatiuza kuti tikayambe kumapeto kwa mzere, chifukwa tinalowerera anzathu. Tinakakhala pasimenti yonyowa. Ine ndinapsa mtima, koma pakamwa panali pomata monga mwa masiku onse. Yosefe anandigunda ndi chigongono nati, "Amayi, musadandaule. Uzungu ndaulawako, ndi wokoma." Anaseka. Koma kuyambira tsiku limenelo anakana kupitanso kuchipatala, ndipo ndinamukakamiza mpaka kutopa. Anadzavomera bala litayamba kutuluka mafinya.

Tsiku limenelo ndinaphunzira chinthu chimene sindikudziwa ngati chili m'mabuku a ku koleji kwanu. Kale ndinkawakhululukira. Ndinkati odwala ndi ochuluka, madokotala ndi ochepa, mankhwala kulibe, anthuwa atopa. Zonsezo ndi zoona, ndipo iwenso ukatopa, ukagwira ntchito popanda magolovesi, ukalira kuseri. Koma ndinaona ndi maso angawa kuti mpando ulipo. Ambulera ilipo. Miyendo ya adokotala imatha kuimirira, ndipo nthawi yolonjera munthu imapezeka. Munthu anali yemweyo, khosi lomwelo, bala lomwelo. Chinasintha n'chakuti anamuzindikira kuti ndi wathu. Ukadzamva mnzako akunena kuti tilibe zipangizo, umuvomereze, koma udzifunse mumtima kuti akanalowa mzungu kapena mkazi wa bwana, tikanapeza chiyani m'kabati?

Ku Blantyre, kuchipatala chachikulu, ndi kumene munthu woyamba anagwira khosi la mwana wanga. Anali mayi wachikulire wa imvi, wakuda ngati ine ndemwe, atazunguliridwa ndi ophunzira. Anakoka mpando n'kukhala pafupi mpaka maondo awo kugundana ndi a Yosefe. Anati, "Bambo Yosefe, mundilola kuti ndikugwireni? Nanga ana awa mulola kuti aphunzirepo?" Yosefe anatembenuka kuyang'ana kumbuyo, kufuna kuona bambo amene akunenedwayo. Anamupapasa pang'onopang'ono kuzungulira bala, pansi pa chibwano, mpaka m'khwapa, napeza zotupa ngati mwanabere. Ophunzira anabwera mmodzimmodzi. Mnyamata wina anaima patali dzanja lili pamphuno. Mayi aja anamuyang'anitsitsa mpaka mnyamatayo anatsitsa dzanja n'kusendera. Atatha anandiuza mosabisa kuti, "Mayi, likanachotsedwa lili laling'ono, bwenzi lero tikukamba zina. Tsopano lalowa mkati. Munali kuti nthawi yonseyi?" Ndinati, "Tinali pamzere, adokotala." Anatembenukira kwa ophunzira aja n'kuwauza kuti ndibwerezenso, kuti aliyense amve. Ndinabwereza. Pakati pa ana oterowo ndi pamene ukaime iwe, Roda, ndipo sindikudziwa kuti ukakhala uti.

Dzana ndinatsegula buku lija anakupatsa aphunzitsi ako a sayansi. Chingerezi chake chinandikanika, ndinangoona zithunzi. Matupi onse m'menemo ndi oyera. Zidzolo, zotupa, zilonda, zonse zili pa khungu la azungu. Ndinadzifunsa kuti, nanga ine ndikadzatupa, mwana wanga adzaona bwanji kufiira pa mkono wakuda biii ngati wangawu? Ukafunse zimenezo m'kalasi, usachite manyazi, safunsa anadya phula. Aphunzitsi akakusonyeza chithunzi, iwe uziti, nanga pa khungu la amayi anga zimaoneka bwanji? Koma ndinasekanso chiseko chowawa, chifukwa m'mudzi muno munthu mmodzi yekha amene khungu lake likufanana ndi la m'bukumo ndi Yosefe. Kwa iye sanganene kuti buku silinawaphunzitse. Sanafune kuyang'ana basi.

Nawenso akakusala, usaganize kuti yunifolomu ikakubisa. Akakuseka kalankhulidwe, akakufunsa ngati wabwera ndi kalongonda m'sutikesi, akati Alhomwe mumadya njoka. Ena akakuyesa namwino chifukwa ndiwe mkazi. Zikakupweteka. Choopsa n'chakuti munthu wonyozedwa amafunafuna wina wapansi pake kuti apumirepo, ndipo m'chipatala wapansi sasowa, wagona pabedi. Ukamva akuluakulu akunena kuti amayi akumudzi ndi olimba, samva ululu, mankhwalawo asungireni ena. Bodza limenelo. Ine ndinakubereka osakuwa, osati chifukwa sizinkapweteka, koma ndinkaopa kutukwanidwa. Ukamva akutchula odwala ndi mayina a matenda kapena a mitundu yawo, uja wachialubino, uja Mchawa, uja wa kumudzi. Poyamba zikakunyansa, kenaka ukazolowera, tsiku lina ukadzimva wekha ukunena. Pasiteji paja unanena kale, usanalowe n'komwe m'kalasi.

Sindikuti ndiwe woipa mtima. Ndikudziwa zimene unakumana nazo kusukulu, anzako akukutcha mlongo wa napweri, ena kukana kudya nawe mbale imodzi. Unatopa nazo, ndipo unafuna kuti kumalo atsopano ukayambe wopanda dzina limenelo. Ndikumvetsa. Koma kumbukira amene ankakukweza panjinga kupita nawe kusekondale mvula ikakokolola mlatho wa kufupi, n'kudzakutenganso masana dzuwa lili paliwombo. Iye sukulu anaisiyira panjira chifukwa pabolodi sankaona, ndipo palibe mphunzitsi anaganiza zomukhazika kutsogolo. Ankakudikira panja pa mpanda, poyera, chifukwa pamthunzi pankakhala anyamata omuseka. Ndikamuuza kuti dzuwa likupweteka, ankati, "Amayi, ameneyu ndi dokotala wanga, adzandichiritsa." Tinkaseka. Khosi limene linkapsa panjinga paja ndi lomwelo ukulizemba kuliyang'ana lero. Chibale ndi fupa, mwana wanga, sichiola.

Ndaona kuti chiyambire kununkha balali sunalowemo m'chipinda mwake. Umamulonjera uli pakhomo, phala umatuma mwana wa azakhali ako. Iye amadziwa. Ukamadutsa amakokera nsalu kukhosi kuti usavutike. Mayi aja a ku Blantyre anandiuza kuti tingomusamalira kunyumba, ndipo ndikuona mmene akutheramu. Sindikhulupirira kuti ukamadzabwera ku tchuthi choyamba udzamupeza. Mawu amenewa ndi bwino uwamve kwa ine lero kusiyana n'kudzawamva pafoni. Sudzamuchiritsa, Roda. Digiri yako idzafika mochedwa. Chimene ungamuchitire chatsala chimodzi, ndipo nthawi yake ndi mawa.

M'mawa uliwonse ndimamutsuka bala ndine. Mawa sindimutsuka. Ndilawirira kudimba, ndipo sindibwera mpaka nditamva kuti njinga yamoto yakutenga, chifukwa kutsanzikana sindikutha, ndingakuchititse manyazi ndi kulira. Beseni ulipeza pakhonde, mchere uli m'kabotolo pawindo, nsalu zowiritsa zili m'poto wovindikira. Usambe m'manja ndi sopo. Madzi akhale ofunda, uwayese ndi chigongono ngati a khanda. Nsalu yakale imamatirira, usaikoke, uinyowetse mpaka ichoke yokha. Upukute kuchokera pakati kupita kunja, pang'onopang'ono. Fungo likubaya, mwina mseru ukugwira. Ukatero upume ndi pakamwa, koma nkhope usatembenuze. Patali saona bwino, koma amene wamuweramira amamuona nkhope yonse, ndipo wawerenga kale nkhope zambiri zonyansidwa. Nkhope yonyansidwa yomaliza kuiona isakhale yako.

Akana, ndikumudziwa. Anena kuti, "Iwe Roda, udetsa zovala za ku koleji, amayi abwera atsuka. Thamanga, minibasi ikusiya." Usamumvere. Ukoke mpando wa malemu bambo ako, umukhazikepo, iwe ugwade. Umutchule kuti achimwene, mokweza, kuti ngakhale wa njinga yamoto panjapo amve. Ukatha kumanga nsalu yatsopano, usafulumire kukasamba m'manja iye akuona. Ukhale naye pang'ono, dzanja lako lili paphewa lake. Ukachita zimenezi, pita ku koleji ndi madalitso anga onse, ndipo aphunzitsi ako akangowonjezera pa zimene wayamba. Ukalephera, pitabe, ndiwe mwana wanga, koma ndidzadziwa kuti ndatumiza kuchipatala munthu winanso wa cholembera.

Za minibasi usade nazo nkhawa. Ikakusiya yoyamba ukwera ina, za ku Limbe sizitha. Mchimwene wako ndi amene akutha.

Ndine amene ndinakuberekani nonse awiri,

Mayi ako.